Ndinatsegula Sukulu ya Mwana Mmodzi Pothawa Mng'ono Wanga

1

Kwa miyezi isanu ndi inayi ndinali hedimasitala. Ndinalinso mphunzitsi wa Chichewa, wa masamu ndi wa Chingerezi, woimba belu, wosesa m'kalasi komanso wapampando wa komiti ya makolo. Sukulu yanga inali pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba yathu kwa Makhuwira, ndipo wophunzira anali mmodzi yekha, mwana wanga Tithokoze, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwini sukulune ndinalekezera Fomu 2, mayeso atandikana kawiri konse.

Dzina langa ndi Clotilda. Musandiyese munthu wokonda mabuku ayi. Sukuluyi ndinaitsegula chifukwa cha mantha. Mng'ono wanga Jesinta anali atangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi, ndipo anamutumiza kupulayimale ya kwathu konkuno n'kumupatsa Sitandade 1, kalasi imene Titho ankayenera kukayamba Seputembala ameneyo. Ndinalumbira chamumtima kuti mwana wanga sakakhala pamaso pa Jesinta tsiku ndi tsiku. Ndinkakhulupirira kuti akangotero ndimutaya, banja langa n'kupita naye limodzi. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mudekhe. Ine ndinachisunga zaka zisanu ndi ziwiri, inu simungalephere kudikira masamba awiri.

Mwamuna wanga Fanizo ndinamupeza pakhonde akudzoza mafuta tcheni cha njinga.

"Bambo a Titho, mwanayu kusukulu sapita. Ndizimuphunzitsa ndekha pakhomo pano."

"Thangwi yanji?" Fanizo akadzidzimuka, Chisena chimatuluka chokha. "Chifukwa chiyani, mayi a Titho?"

"Kalasi imodzi ana oposa handiredi, atapanikizana pansi ngati matumba a mpunga. Mvula ikagwa kumapiri, kamtsinje kapanjira kaja kamadzaza. Komanso si inu nomwe mumatiuza kuti mkazi wa bwana wanu ku Joni ankaphunzitsa ana ake pakhomo?"

"Amene aja anali ndi digiritu."

"A, e, i, o, u afuna digiri?"

Anaseka, koma sanagonje msanga. "Komatu wokaphunzitsayo ndi mlamu wanga. Mng'ono wanu weniweni."

"Vuto lake ndi limenelo. Akamulekerera. Wachibale salanga mwana."

Mwamuna wanga ndimamudziwa pofooka pake. Anakhala ku Joni zaka zitatu, ndipo amakonda kuti anthu azikumbukira zimenezo. Komanso Titho ndiye yekhayo amene tinali naye, moti Fanizo ankamugwira ngati dzira. Pofika Loweruka ndinamva kuti wauza kale anzake onse apabawo kuti kunyumba kwake zinthu zikuyenda chizungu.

2

Bolodi ndinapanga ndi chitseko chakale, n'kuchipaka ufa wakuda wa m'mabatire akutha. Belu linali khasu lothyoka lomwe ndinalipachika panthambi. Telala wa pa Nkhate anasoka yunifolomu ya buluu, ine n'kutulutsa nsapato zanga zakutchalitchi, chifukwa sindinaonepo hedimasitala wa patapata.

Tinkayamba sikisi koloko m'mawa. Amene amadziwa dzuwa la kuchigwa kuno akudziwa kuti ikakwana naini, ngakhale mutu wa munthu wamkulu umasiya kulandira zinthu. Ndinkaimba belu, Titho n'kuima pamzere wa munthu mmodzi, ine n'kumuyendera kuona zikhadabo. Kenako ndinkatsegula kaundula wanga wa dzina limodzi.

"Tithokoze Lorenso!"

"Ndilipo, amayi."

"Pano palibe amayi. Pali madamu."

"Ndilipo, amayi madamu."

Masamu ochotsera anawagwira msanga, poti tinkawerengera masau ouma ndipo ankadya ndikayang'ana kumbali. Ophatikiza ndiye anavuta, popeza pofika pamenepo masauwo amakhala atatha.

Sabata yachiwiri kunabwera mai Nancy, a m'gulu la amayi loyendera makomo a ana osapita kusukulu. Anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana chitseko changa chakuda, khasu langa ndi nkhuku zitatu zimene zinali m'kalasimo.

"Ndiye sukuluyi, mai Clotilda, boma likuidziwa?"

"Boma likudziwa kuti m'kalasi mwanu muja mwana wakumbuyo samva chilichonse?"

Anapukusa mutu n'kumapita. Kumjigo nkhani inafala kuti Clotilda wadwala nsanje, akupsa mtima kuti mng'ono wake wavala jekete la uphunzitsi iye akupalira mpunga. Ndinazimva ndipo ndinakondwa. Kutchedwa wansanje kunali kopepuka poyerekeza ndi dzina limene ndinkaliopa.

Jesinta anabwera Lamlungu masana, atanyamula buku la Sitandade 1 ndi kabokosi ka choko. Titho atangomuona anataya chidole chake.

"Amayi aang'ono!"

Anamudumphira m'khosi. Ine ndinayang'ana kumbali.

"Achemwali, ndamva za sukulu yanu," anatero Jesinta motsitsa mawu. "Ndabweretsa tizinthu iti. Bukuli likusonyeza poyambira. Osayamba ndi zilembo zonse nthawi imodzi, mwana amasokonezeka."

"Ndakufunsa?"

"Ayi, ndimangoti..."

"Ana handiredi ali kusukulu kwakowo sakukukwanira? Uyu ndi mmodzi, ndipo ali ndi mwini wake."

Anandiyang'ana, maso atalengeza misozi. Anaika bukulo pakhonde n'kutsanzika. Ine bukulo ndinakaliika pansi pa mwendo wa tebulo lomwe linkagwedera, ndipo kunena zoona linathandiza kwambiri.

3

Khirisimasi inadutsa, mvula inabwera, kamtsinje kaja kanadzaza masiku awiri okha chaka chonsecho. Titho ankatha kuimba zilembo zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mwanthetemya ndithu, koma ukamulozera chimodzi pakati ankayang'ana kumwamba ngati yankho lili m'masamba a nimu. Ndinkabwereza mokweza. Akalephera ndinkakwezanso. Njira yanga yophunzitsira inali imeneyo basi, ndipo anthu oyandikana nafe anadziwa zilembo zonse asanafune.

Chimene chinkandilasa mtima chinali cha hafu pasiti sikisi. Nthawi imeneyo ana a m'mudzi ankadutsa panjira ya kuseri kwa mpanda wathu, akuthamangitsana, makapu a phala akulira m'zikwama. Titho ankasiya kundimvera. Khosi linkatembenuka lokha.

Tsiku lina anandifunsa, "Amayi madamu, sukulu yathu ino anzanga adzabwera liti?"

"Anzako ndi mabuku."

"Mabuku satha kusewera fulaye."

Ndinamukalipira kuti akuyankha mphunzitsi mwamwano, n'kumugwaditsa padzuwa. Atagwada, kamwanako kakulira mwakachetechete, ndinalowa m'nyumba n'kukalira nanenso. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndikumulakwira. Koma ndikaganiza za Jesinta akumugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba, ndinkapukuta misozi n'kukaimbanso belu.

Mu Malichi, Fanizo anabwera ndi thumba la mbewu, n'kumuitana mwana wake monyadira.

"Titho, tawawerengera bambo ako apa palembedwa chiyani."

Titho anayang'ana thumbalo, anayang'ana ine, n'kuyamba kuimba nyimbo yake ya zilembo kuyambira poyamba. Fanizo anamvetsera mpaka pamapeto, anamusisita m'mutu, n'kumuuza kuti wakhoza. Koma chakudya chamasana anangochilawa n'kudzuka.

Patapita milungu itatu, mpunga wathu wa kusikimu utayamba kucha, anati, "Mayi a Titho, mutu wa mwana umafuna kupuma. Masana ndizimutenga tizikaingitsa mbalame. Inu muzipumako, aphunzitsi nawonso amaweruka."

Ndinavomera ndi manja awiri. Kunena chilungamo, wophunzira wangayo ndinali nditatopa naye, ndipo iye anali atatopa nane kalekale.

4

Kenaka kunachitika chozizwitsa. M'mawa wina ndikulemba pabolodi, ndinamva kumbuyo kwanga kamawu kakuti, "Me-za. Me-za. Ayi, amayi madamu, pamenepo mwalemba kuti meza, osati meta." Ndinacheuka. Mwana anali akuwomba m'manja kamodzi pa chidutswa chilichonse cha mawu. Sabata yotsatira anawerenga chikwangwani cha pachigayo. Ina yotsatirayo anawerenga uthenga wa pafoni ya bambo ake.

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti kuwomba m'manjako wakutenga kuti. Akanadabwanso kuti mwana wochokera m'madzi a mpunga akubwera bwanji mapazi ali mbee, opanda ndi kadontho komwe ka matope. Ine sindinadzifunse kanthu. Ndinangoti mbewu imene ndakhala ndikufesa mofuula ija yamera.

Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lachinayi lina mphakati wathu unakumana kunyumba kwanga, ndipo nthawi yowerenga Mawu itakwana ndinaimirira.

"Lero atiwerengera ndi wophunzira wa pasukulu pano."

Titho anawerenga ndime ziwiri, pang'onopang'ono, kachala kali pamzere. Amayi anaimba nthungululu. Mai Nancy, omwe aja, anagwira pakamwa.

"Pyadidi, zabwino zedi! Mai Clotilda, ndakulakwirani. Wanga Chance ali Sitandade 3 koma sangawerenge chonchi. Mwachita bwanji?"

"N'kudekha basi," ndinatero ine, munthu amene ndinagwaditsa mwana padzuwa. "Mwana safuna kumukalipira. Ndiye pali njira zina zimene kukoleji saphunzitsa."

Ndinalonjeza amayi anayi kuti chaka chamawa ndilandira ana awo. Ndinayamba kuganiza zogula chitseko chachiwiri.

Loweruka lake ndinkachapa. Ndinatenga chikwama cha saka chimene Fanizo ankapita nacho kumunda kuti ndichikutumule, ndipo munagwa kope. Silinali la kusukulu kwanga. Masamba ake anali odzaza ndi zolemba za Titho, mizere yowongoka bwino, ndipo tsamba lililonse linali lochongedwa ndi cholembera chofiira. Pansi pake panali mawu akuti, "Wakhoza, mwana wabwino." Kalembedwe kameneko ndikanakazindikira ngakhale m'tulo. Ndine ndinkamugulira makope Jesinta ali wamng'ono.

Ndinakhala pansi pambali pa beseni, thovu likuuma m'manja. Manyazi anabwera poyamba. Mantha anabwera pambuyo, ndipo anawapitirira manyaziwo kutalitali.

5

Lolemba masana Fanizo anakweza mwana panjinga monga mwa masiku onse. Ndinawatsanzika ndikumwetulira, ndinadikira pang'ono, n'kumanga chitenje. Matayala a njinga sanama pafumbi. Pamphambano sanakhotere kusikimu, analunjika kunyumba za aphunzitsi, kuseri kwa sukulu.

Fanizo anali atakhala panjerwa pansi pa mtengo wa mango, akusenda nzimbe, kawailesi kakulira pambali. Pakhonde panali mphasa. Titho anali atatsamira pamiyendo ya Jesinta, buku lili m'manja, akuwerenga mokweza. Ndipo zala za Jesinta zinali m'tsitsi la mwanayo, zikumasula pang'onopang'ono mangongo amene ndinamuluka ine.

Za bukulo ndikanapirira. Zalazo ndi zimene zinandipenga.

"Ndiye mbalame zake ndi zimenezi?"

Fanizo anadzuka, nzimbe ili m'manja. "Mayi a Titho, dekhani. Wolakwa ndine. Ndine ndinakapempha mlamu, iye ankakana. Ndinaona kuti mwana akutsalira, ndiye ndinati nkhani za pachibale zisapweteketse..."

Sindinamumve n'komwe. Maso anga anali pa Jesinta.

"Chotsa manja ako pamutu pa mwana wanga."

"Achemwali, khalani pansi tikambirane."

"Tikambirane chiyani, wakuba iwe? Ukuyesa sindikudziwa chimene unabwerera kuno? Sukulu zonse za m'Chikwawa muno, iwe n'kugwera pano?"

"Achemwali, chonde, pali alamu."

Chenjezo limenelo linali lomveka ngakhale kwa chitsiru. Koma pakamwa panga, pamene panazolowera kufuula pansi pa nimu kwa miyezi isanu ndi inayi, panali patatseguka kale.

"Unandipatsa wekha ndi manja ako awiri! Unalumbira pamaso pa malemu amayi kuti sudzamufunanso! Lero wapeza ntchito, wapeza nyumba ya malata, ndiye wakumbukira kuti unabereka?"

Kawailesi kokha ndi kamene kanapitiriza kulengeza za mpira. Fanizo anawerama n'kukazimitsa.

"Titho," anatero ndi mawu ofatsa kwambiri, "pita ukasewere ndi anzako pabwalo paja. Ndikuitana."

Mwanayo, amene sanatolepo kanthu koma kuti akuluakulu akukangana, anathamanga mokondwa. Fanizo anadikira mpaka atazimiririka kuseri kwa kalasi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Tabwerezani."

6

Nachi tsono chinsinsi chija.

Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, Fanizo ananyamuka ulendo wa ku Joni mu Febuluwale, titakhala m'banja zaka zitatu popanda mphatso. Kwa apongozi anga kunali kutayamba kale kununkha. Ena ankati ndine wouma, ena ankanong'ona kuti mwina Fanizo anagwa m'papaya. Azakhali ake anali atayamba kutchula mayina a atsikana ena.

Mu Epulo malemu amayi athu anatulukira kuti Jesinta, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wa Fomu 3, wanzeru kuposa tonse m'banja mwathu, ali ndi pakati. Mwini mimbayo anali wodula nzimbe wobwera, ndipo anali atasowa kale osasiya ndi dzina lomwe la mudzi wake. Amayi anatikhazika pansi awirife m'nyumba, chitseko chotseka.

"Wina ali ndi mimba yopanda bambo, wina ali ndi bambo wopanda mimba," anatero. "Ine ndikuona vuto limodzi, osati awiri."

Ndinamuimbira foni Fanizo kumuuza kuti anandisiya ndi pakati. Analira pafonipo, munthu wamkulu. Mwezi wathunthu ndinayenda m'mudzi nditakulunga nsalu pamimba, ndikulavula malovu pamaso pa apongozi, ndikudya dothi la pachulu lomwe sindinkalifuna n'komwe. Kenaka tinawoloka malire kupita kwa azakhali athu ku Mozambiki, ine ngati wokachira, Jesinta ngati wokandithandiza. Mwana anabadwa mu Novembala. Dzina loti Tithokoze anapereka ndi Fanizo, pafoni.

Jesinta anamuyamwitsa miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lomuletsa bere anadzimanga chifuwa ndi nsalu n'kugona choyang'ana kukhoma, ine ndikuzungulira panja ndi mwana wolira kumsana. Titabwerera kumudzi tinati mkaka wanga unauma. Jesinta anabwerera kusukulu. Apongozi anga anavina mpaka fumbi koboo.

Zonsezi ndinazinena nditagwada pakhonde la mng'ono wanga, mawu aja a hedimasitala atathawa.

Fanizo anayang'ana Jesinta. "Mlamu, n'zoona?"

"N'zoona, alamu." Misozi inali ikutsika, koma mawu ake sananjenjemere. "Ndipo achemwali sananame pa chinthu chimodzi. Kubwera kuno ndinachita kupempha ndekha. Koma sindinabwere kudzatenga munthu. Amayi ake ndi awa, amene anamugoneka kumsana malungo atamugwira. Ine ndinkangofuna kuti m'mawa ndizimuona akulowa pageti. Basi."

Fanizo anayang'ana nzimbe imene inali ikadali m'manja mwake, n'kuiika pansi bwinobwino ngati ingasweke.

"Ndiye ineyo mwana ndili naye kapena ndilibe?"

Ananyamuka wapansi, njinga n'kuisiya pomwepo itatsamira mtengo.

7

Fanizo anakakhala kudimba kwathu, m'mbali mwa Shire, m'chilindo chimene amagonamo polondera mvuu. Anthu ndinawauza kuti mvuu zavuta chaka chino. Onani, ngakhale pamenepo bodza linkabwera lokha, losaitanidwa.

Belu sindinaliimbenso. Tsiku lachitatu Titho analiimba yekha, anavala yunifolomu, n'kundikhazika pamphasa. Anakachotsa buku lija pansi pa mwendo wa tebulo, anapukuta fumbi, n'kuyamba kundiwerengera. Atafika pakati anaima.

"Ababa abwera liti?"

"Mvuu zikachoka."

"Ndimawerenga bwino koma iwo kulibe."

Masana aliwonse ndinkapita ndi chakudya kudimba. Masiku anayi oyamba ndinkapeza mbale za dzulo zili chivundikirire. Tsiku lachisanu ndinamupeza akuthirira tomato, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Mukuyesa chikundiwawa n'choti mwanayo ndi wa Jesinta? Nkhabe, ayi ndithu. Mwana wa mlamu wanga ndi mwana wanga. Mukanandiuza, ndikanamulera chimodzimodzi, ndipo wotsegula pakamwa akanaona ine."

"Ndinkaopa kuti mundisiya."

"Munandifunsa?" Anataya chitini chothirira. "Amayi anga anapita kumanda akuyesa kuti anagwira magazi awo m'manja. Ine ndakhala ndikuyenda chifuwa chili panja, ndikuseka amuna anzanga osowa ana. Titho atakula popanda wotsatira, ndinkati palibe kanthu, woyamba anabwera, wina adzabwera. Zaka zisanu ndi ziwiri zimene tikanapita kuchipatala awirife kukamva chimene chikutivuta, mwazidya inu ndi nsalu yanu ya pamimba."

Ndinali nditakonzekera kutukwanidwa, kuthamangitsidwa, ngakhale kuitaniridwa ankhoswe. Sindinakonzekere kumva kuti chinthu chimene ndinachibisa movutikira chonchi ndikanangochinena, n'kutha.

Anabwerera kunyumba patatha milungu itatu, chifukwa cha mwanayo, osati ine. Ankadya, ankagona, ankapita kumunda. Akafuna kanthu ankati, "Titho, kanene kukhitchini kuti ndikufuna madzi." Dzina langa, lililonse mwa mayina anga, silinatuluke pakamwa pake Julayi yense ndi Ogasiti yense. Ndinali munthu wa kukhitchini.

8

Lolemba loyamba la teremu yatsopano ndinadzuka n'kumupeza akupopa njinga. Titho anali atasamba kale, atavala yunifolomu yeniyeni ya kusukulu, imene sindinadziwe kuti yasokedwa liti. Palibe anandiitana. Ndinavala patapata n'kuwatsatira pambuyo.

Wolemba ana atsopano anali Jesinta, pa tebulo limene analiika pansi pa mtengo. Tinaima pamzere pamodzi ndi amayi ena, kuphatikizapo awiri mwa aja ndinawalonjeza malo pasukulu yanga. Anandipatsa moni mwaulemu woposa muyezo, umene umapweteka kuposa kusekedwa.

Nthawi yathu itakwana, Jesinta sanadzutse mutu.

"Dzina la mwana?"

"Tithokoze Lorenso!" anayankha mwiniwake, mokweza.

"Dzina la bambo?"

Fanizo anatsokomola pang'ono.

"Fanizo Lorenso. Mulembe zooneka bwino, mlamu."

Jesinta analemba. Kenaka cholembera chinasunthira pa bokosi lotsatira n'kuima pamenepo.

"Dzina la mayi?"

Funsolo linali la tsiku ndi tsiku, anali atalifunsa kale kwa anthu makumi atatu m'mawa umenewo. Koma wofunsayo ndiye anamva zowawa za kubereka, ndipo wofunsidwane ndinali nditamutcha wakuba pakhomo pake. Ine amene ndinkamveka mpaka kumjigo ndikamaphunzitsa, ndinalephera kutchula dzina langa lomwe. Amayi a kumbuyo anayamba kusuzumira.

Pamenepo Fanizo anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba m'miyezi itatu.

"Mayi a Titho, akufunsa inu."

Ndinalitchula, mawu akutuluka ngati a munthu wodwala chimfine. Jesinta analilemba chilembo chimodzichimodzi mpaka kumapeto. Atatero anadzutsa mutu, tinayang'anana, ndipo ndinanena mawu amene ndinayenera kunena zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

"Takhuta, mng'ono wanga. Zikomo."

Belu linalira, lenileni, la chitsulo cha galimoto. Titho anaona anzake akuthamangira kumzere, anasolola dzanja lake m'dzanja langa n'kuliyatsa liwiro. Atatufe tinatsala titaima, aliyense akudikira kuti acheukira ndani. Sanacheuke.

9

Owerenga anzanga, musaganize kuti ndikunyoza makolo amene amaphunzitsa ana awo pakhomo. Alipo amene amatero ndi mtima woyera ndipo amakhoza. Ine yanga sinali sukulu, unali mpanda umene ndinaupachika belu. Ndinati ndikuteteza mwana, pamene ndinkateteza bodza langa, ndipo amene analipa ndi kamwana kosalakwa, kamene kanataya chaka chathunthu kakuyang'anira anzake pa mpata wa mpanda.

Ngati muli ndi chinthu chimene mwachikwirira m'nyumba mwanu, dzifunseni kuti ndani akugona ndi njala kuti chinthucho chidye. Kawirikawiri si inu.

Fanizo sanandikhululukire kwathunthu, ndipo sindimukakamiza. Masiku ena amaseka nane, masiku ena amangoyang'ana chithunzi cha malemu amayi ake. Kuchipatala tinapita, awirife, panjinga imodzi, ndipo zimene anatiuza ndi zathu. Jesinta amadya kwathu Lamlungu lililonse. Akamaluka tsitsi la Titho nsanje imandigwirabe, sindinama, koma ndimapita kukatsuka mbale mpaka itandipita.

Tinagwirizana atatufe kuti Titho tidzamuuza tokha akadzakula pang'ono, tonse tili pamodzi, asanazimve kumjigo. Tsikulo ndimaliopa kuposa imfa. Pakadali pano mayina onse a m'nkhani ino ndawasintha, ndipo magazini ino ikatuluka sindibwera nayo kunyumba. Mwana wanga masiku ano amawerenga chilichonse chimene wachipeza, ndipo si ine ndinamuphunzitsa.